Ku Joni n'pafupi, ku Chileka n'kutali

Anyamata a ku Mangochi amaidziwa Joni kuposa Lilongwe. Funsani ku Namwera kapena kwa Makanjira, akuuzani mtengo wa lendi ku Johannesburg osaganiza kawiri.

Ndege ikanyamuka ku Chileka imakatera pa bwalo la OR Tambo ku Joni pakangotha maola awiri ndi mphindi zochepa, mtunda wa makilomita opitirira 1,300. Munthu ukamati wazolowera mpando, akuti mangani malamba tikutera.

Nkhani ili pokafika ku Chilekako. Kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre sipakwana makilomita 200, koma minibasi ili ndi wotchi yakeyake. Kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi, pomwe theka la okhala m'katimo ndi anzake ongodzaza mipando. Mwanyamuka, mwaima pa Ulongwe kukweza mbuzi. Pa Liwonde dalaivala watsika kukatsutsana mtengo wa chambo, n'kuchimangirira pagalasi la kutsogolo kuti chizipitidwa mphepo. Mukamafika ku Zomba, amene anakwera ndege nthawi imene inu mumakwera minibasi wasamba kale ku Joni.

Komabe ambiri amadzera pansi: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, masiku awiri kapena atatu miyendo itatupa. Tikiti ya ndege ndi yodula, inde. Koma ndegenso ili ndi mwano woyeza katundu pasikelo, ndipo palibe woyendetsa ndege amene angalole firiji, matilesi ndi njinga ziwiri padenga.