Njira yachidule yophera injini ya boti pa Kachulu

Injini ya Yamaha Enduro ndi youma mutu. Anaipangira asodzi ndi onyamula katundu, ndipo ikamasamalidwa imakalamba limodzi ndi mwini wake. Choncho mwini boti wa pa doko la Kachulu amene akufuna kuiona itafa chaka chisanathe ayenera kuchita khama. Mwayi wake ndi wakuti Nyanja ya Chilwa ili kumbali yake.

Chilwa ndi yosaya, malo ambiri mamita awiri okha, pansi pake thope. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo madzi koma palibe mtsinje wowatulutsa, n'chifukwa chake ndi amchere. Thope ndi mcherewo zimagwira ganyu yaulere. Mwini injini asaitsuke ndi madzi a pa mjigo, angazisokoneze pa ntchito.

Poyambira pabwino ndi pa kamphira kamapiko kamene amakaniko amati impela. Kamakhala m'mwendo wa injini, kukoka madzi a m'nyanja kuti akaziziritse mutu. Dothi la m'madzimo limadya mapikowo pang'onopang'ono, ndipo injini siibisa matenda ake: kumbuyo kwake kumatuluka kamzere ka madzi, kaja anyamata amati injini ikukodza. Kamzereko kakayamba kudontha mwaulesi, woyendetsa asacheuke. Aloze maso ku chilumba cha Chisi, awonjezere moto. Akafuna kufulumiza zinthu, aziiliza pamtunda m'mawa uliwonse kuti a pa doko adziwe kuti ilipo, pakuti kamphira kozungulira popanda madzi sikachedwa kupsa. Apa wapulumutsa ndalama ya impela imodzi. Pisitoni ikatentha n'kugwira, makaniko adzawerenga mapisitoni, maring'i, magasiketi, mwinanso ulendo wokakonzetsa silinda ku Blantyre, ndipo adzawerenga akumwetulira.

Kenako mafuta. Injini zotere zilibe posungira oyilo, zimamwa oyilo wosakaniza ndi petulo. Muyezo wodziwika ndi 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita pa malita 25. Munthu wodzilemekeza sayeza, amathira ndi maso. Akachepetsa, mabering'i amadyana mwakachetechete. Akachulutsa, pulagi imada, utsi n'kukuta boti mpaka udzudzu wa m'njedza kusamuka. Njira zonsezi zimafikitsa, koma yoyamba ndiyo yachangu. Oyilo wa two-stroke akakwera mtengo, wotsala m'galimoto ya mlamu aliponso.

Petulo akasowa pa mafilling'i siteshoni a mu Zomba, wa m'zigubu sasowa, ndipo nthawi zina amabwera ndi basela ya madzi ndi tizitsotso. Kumusefa ndi nsalu n'kunyoza wogulitsa. Alowe choncho, akatseke timabowo ta kabuleta, injini iyambe kutsokomola. Pamenepo mwini wake anene kuti wina wamulodza. Mnzake wa boti loyandikana naye, amene amatsuka kasefa ka mafuta Loweruka lililonse, ndiye woyenera kumuganizira.

Kunsi kwa mwendo kuli magiya osambira mu oyilo wawowawo, pafupifupi kota ya lita pa injini ya mahosipawa 15. Buku la injini limati asinthidwe pakatha maola 100. Koma bukulo analemba ku Japan, kwa anthu amene sanadyepo matemba. Pa Chilwa ulusi wa maukonde otayika umakulungika kuseri kwa pulopela, n'kucheka kamphira kotchinga madzi. Madzi akalowa, oyilo amayera ngati tiyi wamkaka. Kuchotsa pulopela n'kumasula ulusiwo ndi ntchito yosafika theka la ola, ndiye asaigwire, magiya atsopano angasowe wowagula.

Za mtengo, mwini injini ali ndi dandaulo lomveka, ndipo apa nthabwala ichepe. Pulagi, impela ndi oyilo zonse zimachokera kunja, zimagulidwa ndi madola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya masipeya inanyamuka, pomwe wokwera wa ku Chisi amakanganabe pa chenji. Komabe sevisi yonse ndi mapulagi awiri, oyilo wa magiya, kutsuka kabuleta, girisi pang'ono, ndi impela ikatha: makaniko amamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Kuphwasula injini yonoka kumafuna kuimangirira pa njinga yamoto, makilomita pafupifupi 30 a fumbi mpaka mu Zomba, kenako kudikira sipeya masabata angapo boti lili pamtunda, mbuzi zikubisalamo dzuwa. Wofuna kutchuka asankhe yachiwiriyi. Anthu sakamba za munthu amene anangosintha pulagi.

Nyanjayi imapumanso. Inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, pamene mabwato anagona pa dothi long'aluka. Zikadzatero, injini igonekedwe pansi pa matumba a chimanga petulo ali m'kabuleta momwemo. Akauma amasiya phula lomata, chinyezi n'kumalizitsa ndi dzimbiri. Madzi akadzabwerera, monga anachitira mvula ya namondwe wa Idai itagwa mu March 2019, mwini wake adzakoka chingwe mpaka phewa kuguluka.

Wotsata malangizowa adzalandira mphotho yake pakati pa Kachulu ndi Chisi, makamaka masana a mphepo, pamene nyanja yosayayi imautsa mafunde aafupi oponyera madzi m'boti. Majekete opulumutsira moyo, amene a Marine Department amakakamira, akhale atatsala kunyumba poopa kuti angade. Injini ikazima, woyendetsa atsegule chivindikiro, auzire pulagi, agwedeze mutu, kenako apereke nsungwi kwa wokwera wamphamvu kuposa onse, popeza pansi pafikika. Mayi wa dengu la mlamba wowamba akafunsa kuti, "Achimwene, ndalama tapereka ija ndi ya injini kapena ya nsungwi?" ayankhe kuti chenji akambirana akafika.