Ulemerero wa Linki m'Dera la Katuli

Mwa alendo onse amene afika m'dera la Mfumu Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi kufupi ndi malire a Mozambique, palibe amene walandiridwa ndi manja awiri kuposa linki, kamzere ka zilembo zabuluu kamene munthu akakadina pa foni kamamufikitsa pa tsamba lina la pa intaneti. Tim Berners-Lee, amene m'chaka cha 1989 anaganiza njira yolumikizira masamba otere ali ku CERN pafupi ndi Geneva, ankangofuna kuti asayansi azipeza zolemba za anzawo mosavuta. Koma luso lenileni la kanthuka, lomwe ndi kuyenda mtunda wautali osatsegulidwa, linadzaonekera m'magulu a pa WhatsApp a mabanja, a kumzikiti ndi a ochemerera mpira.

Liwiro lake n'losachita kufunsa. Katundu amene mnyamata wa ku Joni watumizira mayi ake amagona m'njira masiku angapo, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, pamene linki yochokera m'thumba la mnyamata yemweyo imadumpha zipata zonsezo popanda chiphaso, n'kufika pamudzi madzi a tiyi asanawire.

Komabe ukulu wa linki wagona pa kudzisunga kwake. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiko kunena intaneti yotsika mtengo imene imalola macheza koma osalola masamba ena, ndipo chifukwa cha ichi linki imafika bwinobwino koma ikadinidwa imangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, kenaka n'kukana. Chimene wolandira amatsala nacho ndi mutu wa nkhani wa zilembo zikuluzikulu ndi kachithunzi kachimbuuzi, ndipo popeza mwambo sulola kuti munthu adye yekha chimene wapatsidwa, iye amaipatsira alamu ake, amenenso amaipatsira a pagulu la banki m'khonde, mpaka nkhaniyo imakambidwa pansi pa mtengo wa mango ndi anthu khumi amene pakati pawo palibe ndi mmodzi yemwe anaiwerenga. Apa pali nzeru yozama imene andale ambiri sanaitulukire, yakuti lonjezo limene silinatsegulidwe silingapezeke labodza. Mphekesera zakale zinkafuna mwini wake woti akaitanidwe kubwalo. Linki ilibe mbumba, ilibe mudzi, ndipo aliyense woitumiza amasamba m'manja ndi mawu akuti nayenso anangoilandira.

Kuwolowa manja kwake nakonso sikungasiyidwe. Linki imagawa intaneti yaulere, ntchito za kunja zosafuna sitifiketi ndi malo pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, ndipo pa zonsezi imangopempha kuti itumizidwe ku magulu khumi. Wodala amene ali ndi bandulo yokwanira kuitsegula amapemphedwa kanthu kena kochepa, monga nambala ya chiphaso cha unzika ndi nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Ndipo akafika pa kakhumbi ka ejenti m'mawa mwake, n'kupeza kuti ndalama ya malata imene mwana anatumiza yasanduka ziro, amakhala walandira maphunziro amene sukulu ina iliyonse ikanamutengera zaka, ngakhale kuti fizi yake ndi yowawirapo.

Monga chinthu chilichonse chotchuka, linki ili ndi adani. Malawi ili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo eni WhatsApp analamula mu 2019 kuti uthenga usatumizidwe ku malo oposa asanu nthawi imodzi, kenaka mu 2020 anati uthenga umene wayenda kale kwambiri uzipita kumodzikumodzi, utaikidwa chizindikiro cha timivi tiwiri. Iwo anaiwala kuti akulimbana ndi anthu amene amatongola chimanga ndi chala, njere imodziimodzi, mpaka thumba kudzaza. Timiviti tsopano timawerengedwa ngati nyota za paphewa la msilikali, umboni wakuti uthengawo ndi wamkulu ndipo waona maiko, kotero kuti pa benchi ya wotchaja mafoni ndi sola, foni ikangoyaka, mwini wake amayamba watumiza linki ya timivi asanaone ngati ku Joni kwachokera moni.