Mukufuna kutchuka ngati Shakespeare? Longedzani kachikwama ka kundende

Pali anthu amene amadandaula kuti anabadwa mochedwa. Amati akanabadwira ku Ulaya nthawi ya Renaissance, kuyambira m'ma 1300 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1600, pamene ophunzira ankafukula mabuku akale a Agiriki ndi Aroma, makina a Gutenberg nawo n'kuyamba kulavula mabuku, bwenzi lero ana a sukulu akuloweza mayina awo. Madandaulo amenewa tawamva. Ndiye inu amene mungapeze njira yobwerera kumeneko, nawa malangizo, kuti musakatichititse manyazi.

Mukangofika, pezani mkazi woti muzimulirira, koma musayerekeze kumufunsira. Petrarch wa ku Italy anaona Laura m'tchalitchi ku Avignon pa 6 April 1327, mutu n'kusokonekera pomwepo. Sanamukwatire, akuti mayiyo anali kale pabanja. M'kusowa mwayi kumeneku munatuluka Canzoniere, buku la ndakatulo 366, zambiri mwa izo za mizere 14 zotchedwa sonnet. Laura anamwalira mu 1348, chaka cha mliri waukulu, koma bamboyo sanaone chifukwa chosiyira kulemba. Taganizani mayiyo akanalola. Ndakatulo zikanathera pa yachitatu, zotsalazo bwenzi zili zokangana za ndalama ya ndiwo. Alakatuli a ku France, Spain ndi England anatengera njira yomweyi kwa zaka zoposa 200: maso a wokondedwa akhale nyenyezi, tsitsi golide, mano ngale, inuyo muziti thupi likupsa ndi moto uku mukunjenjemera ndi chisanu. Kwathu kuno munthu wotero timathamangira naye kukayezetsa malungo. Kumeneko amamutcha katswiri.

Musamakhulupirirenso kuti mukudziwa chimene mwalemba bwino. Petrarch yemweyo ankanyadira zolemba zake za m'Chilatini, makamaka ndakatulo yaitali yotchedwa Africa, ndipo mu 1341 anamuveka nkhata ya masamba ku Rome. Za Laura zija, pokhala za m'Chitaliyana cha anthu wamba, ankazitenga ngati zachibwana. Lero Africa imawerengedwa ndi akatswiri owerengeka okha, zachibwanazo ndiye zili ponseponse.

Chikondi chotere sichidyetsa munthu, choncho mufunika bwana. Mupeze mfumu, kadinala kapena mwana wa munthu wolemera, ndipo patsamba loyamba la buku mumutamande mpaka mwini wake adabwe. Malipiro ake mudzawaona. Ludovico Ariosto anathera zaka pafupifupi 10 akulemba Orlando Furioso, yomwe inatuluka mu 1516 itadzaza ndi matamando a banja la Este la ku Ferrara. Chaka chotsatira bwana wake, Kadinala Ippolito d'Este, anamuuza kuti alongedze apite naye ku Hungary. Ariosto atakana, ntchito inathera pomwepo. Alfonso, m'bale wake wa kadinalayo, anamutola, ndipo mu 1522 anamutumiza kukalamulira Garfagnana, dera la kumapiri lodzaza ndi zigawenga. Uko ndiye kukwezedwa pantchito kwa mlakatuli. Torquato Tasso anatamanda banja lomwelo, koma tsiku lina atapsa mtima n'kulalatira akuluakulu, anamutsekera m'chipatala cha Sant'Anna ngati wamisala kuyambira 1579 mpaka 1586. Ali m'katimo, anthu ena panja ankasindikiza ndakatulo yake n'kumadya ndalama. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Ndende musaiope, ndi gawo la maphunziro. Miguel de Cervantes wa ku Spain ndiye anakhoza bwino phunziroli. Pa nkhondo ya panyanja ya Lepanto mu 1571 anamuwombera, dzanja lamanzere n'kufa. Akubwerera kwawo mu 1575, mbava za panyanja zinamugwira n'kupita naye ku Algiers. M'thumba mwake munali makalata omuyamikira ochokera kwa akuluakulu a nkhondo, ndipo mbavazo zitawaona zinati zakola munthu wofunika, dipo n'kukwera. Anakhala kapolo zaka zisanu, kuyesa kuthawa kanayi konse, kanayi konse kugwidwa. Atawomboledwa anapeza ntchito yotolera msonkho, mabuku a ndalama osagwirizana, ndipo mu 1597 anagona m'ndende ku Seville. Mukadutsa m'zonsezi, pamenepo mwakhwima, mukhoza kulemba Don Quixote. Bukulo linatuluka mu 1605, linagulidwa kwambiri, koma wolemba anakhalabe wosauka. Mu 1614 munthu wina wodzitcha Avellaneda anatulutsa gawo lachiwiri labodza. Cervantes anatulutsa lake lenileni chaka chotsatira, ndipo kumapeto anapha Don Quixote n'kumuika m'manda kuti wina asamubwerekenso. Nzeru imeneyi muisunge.

Amene mumakonda maulendo tsatirani Luís de Camões wa ku Portugal. Diso lamanja analisiya ku Ceuta. Ku Lisbon anavulaza wantchito wa kunyumba ya mfumu, anamangidwa, ndipo potuluka mu 1553 anakwera chombo cha ku Goa. Chombo china chinamusweka pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Mekong, ndipo Apwitikizi amakonda kunena kuti anasambira ndi dzanja limodzi, linalo litanyamula mapepala a ndakatulo m'mwamba. Pobwerera kwawo anakakamira pa Chilumba cha Mozambique, kwa anansi athuwa, cha m'ma 1569, alibe ngakhale ya ulendo. Mnzake Diogo do Couto anam'peza akudya kwa anzake, ndipo anthu anachita kusonkherana kuti akwere chombo. Os Lusíadas inasindikizidwa mu 1572, mfumu inam'patsa kapenshoni, ndipo anamwalira ali mmphawi pa 10 June 1580. Tsiku limenelo lero ndi tsiku lokumbukira dziko la Portugal, anthu sapita kuntchito. Mwaona kuti boma limayamika, kungoti pamafunika kudekha.

Mukasankha zisudzo za ku London, yambani mwaloweza Chilatini pang'ono. Mu 1598 Ben Jonson anapha wosewera mnzake Gabriel Spenser pomenyana ndi malupanga. Chingwe chinali chikumudikira, koma lamulo lakale linkati wodziwa kuwerenga vesi la m'Baibulo la Chilatini aweruzidwe ngati munthu wa mpingo. Jonson anawerenga, anamudinda chitsulo chamoto pachala chachikulu, n'kubwerera kukalemba masewero oseketsa. Ndipo mukapita kokadya ndi anzanu, lipirani bilu mwakachetechete. Christopher Marlowe, mlembi wa Doctor Faustus, anabayidwa pamwamba pa diso ku Deptford pa 30 May 1593, ali ndi zaka 29, ndipo ofufuza za imfayo analemba kuti mkangano unali wa bilu. Ena amati panali zaukazitape, popeza onse amene anali patebulopo anali anthu okayikitsa. Mulimonsemo, lipirani.

Nkhani yanuyanu musavutike nayo, n'kutaya nthawi. Shakespeare ankatsegula mbiri ya Holinshed n'kutulutsamo Macbeth, kutsegula Plutarch n'kutulutsamo Julius Caesar. Romeo and Juliet anaipeza m'ndakatulo ya Arthur Brooke ya 1562, Brooke naye ataitola ku nthano za ku Italy. Mapu musagule: m'sewero lina Shakespeare anakocheza chombo pagombe la Bohemia, dziko lopanda nyanja, ndipo mu Rome wa Caesar anaikamo wotchi yoliza maola. Palibe anapempha kuti amubwezere ndalama. Anthu olipira peni imodzi pachipata, oimirira pabwalo popanda denga, akuswa mtedza ndi kumwa mowa, amafuna magazi, mizukwa ndi nthabwala zolaula. Apatseni. Mu Titus Andronicus mayi amadyetsedwa ana ake ophikidwa, ndipo sewerolo linakondedwa kwabasi. Kumbukiraninso kuti akazi saloledwa kusewera, ndiye Juliet wanu ndi kamnyamata. Muzipemphera kuti mawu asasinthe sabata ya sewero.

Amayi amene mukufuna kulemba, khomo ndi lotsegula, koma mulowe chammbali. Louise Labé wa ku Lyon anatulutsa ndakatulo zake zachikondi mu 1555, ndipo John Calvin anamutcha mkazi wachiwerewere. Patapita zaka pafupifupi 450, katswiri wina wa ku Paris anatulutsa buku lonena kuti ndakatulozo analemba ndi amuna. Musankhe nokha chipongwe chimene chikukukwanani.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Shakespeare anafa ali ndi nyumba yabwino ndi minda, ndipo si chifukwa choti ankalemba bwino kuposa Cervantes. Wolemba sewero ankalipidwa kamodzi, cha m'ma mapaundi 6, sewerolo n'kukhala la kampani mpaka kalekale. Thomas Dekker analemba masewero ambirimbiri mwa njira imeneyi ndipo anakhala m'ndende zaka pafupifupi 7 chifukwa cha ngongole. Shakespeare anaona patali. Anali ndi masheya m'kampani ya osewera komanso m'bwalo la Globe lomwe linamangidwa mu 1599, kotero peni iliyonse yolowa pachipata inkamusiyirako kenakake. Mliri utatseketsa mabwalo m'ma 1592 ndi 1593, sanakhale pansi n'kumalira, analemba ndakatulo n'kuipereka kwa kamnyamata kolemera, Earl of Southampton. Mu 1597 anagula New Place, imodzi mwa nyumba zikuluzikulu za ku Stratford. Robert Greene, wa madigiri ake a ku yunivesite, amene anamunyoza kuti ndi khwangwala wodzikongoletsa ndi nthenga za eni, anafa mu 1592 ali ndi ngongole kwa wosoka nsapato amene ankamusunga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma mukakhala ndi bwalo lofolera ndi udzu, musaombe mzinga m'katimo. Pa 29 June 1613, akusewera Henry VIII, moto wa mzinga unagwira denga la Globe, bwalo lonse n'kupsa psiti. Palibe anafa. Bambo mmodzi yekha ndi amene buluku lake linagwira moto, ndipo analizimitsa ndi botolo la mowa.

Chotsala ndi kufa, ndipo musafe musanapeze anzanu awiri odziwa kusunga mapepala. Shakespeare anamwalira mu 1616 osasonkhanitsa masewero ake. M'wilo munali za nyumba, ndalama ndi bedi lachiwiri kukongola lomwe anasiyira mkazi wake. John Heminges ndi Henry Condell, osewera anzake, ndi amene anatolera masewero 36 n'kuwasindikiza mu 1623. Masewero 18 mwa amenewo anali asanasindikizidwepo, ndipo limodzi mwa iwo ndi Macbeth. Ana a sekondale amene mwakhala mukutuluka thukuta ndi sewero limeneli pa mayeso, dandaulo lanu mukatule kwa awiriwa.