Wamwa Likangala ndani?

Chilimwe chikangofika pachimake, mu Zomba muno aliyense amasanduka katswiri wa zamadzi. M'minibasi, pamsika, ngakhale pamaliro, funso ndi limodzi: mtsinje wa Likangala waphweranji msanga chonchi?

Alimi a mpunga kusikimu ya Likangala akuti wakubayo akumudziwa. Ati ndi anzathu akumtunda, amene akumba zitsime m'madimba n'kuikamo mapampu a sola: dzuwa likangoti tulukiru, paipi yayamba kulavulira madzi mu tomato mpaka madzulo. Akumtundawo akulumbira kuti mtsinje sanaukhudze n'komwe. "Chitsime chili m'dimba mwanga, ndinakumba ndi ndalama zanga, ndabera yani?" Asodzi a ku Kachulu akungoti onsewo ndi amodzi, wa ngalande ndi wa pampu yemwe, chifukwa madzi amene akutengawo ndi amene akanadzaza nyanja ya Chilwa n'kubweretsa matemba.

Ndiye pali okokomeza. Ena amati mjigo umodzi wakuya ungaumitse nyanja yonse, pomwe ena amanenetsa kuti pansi pathu pali nyanja ina yosatha, kumba udzione. Achikulire amaseka mbali zonse ziwiri. Amatikumbutsa kuti Chilwa inauma mu 1968 ndi 1995, mapampu a sola kulibe, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pamatope. Kwa iwo wolakwa ndi mvula yochepa ndi nkhwangwa zimene zameta phiri la Zomba.

Tikaika zonsezi pasikelo, aliyense wagwira kachidutswa ka choona. Chilwa ndi nyanja yosaya, mvula ikavuta imabwerera msanga, apo agogo sananame. Koma wachitsime asathawe mlandu msanga. M'chilimwe mvula kulibe, ndiye mtsinje umayenda ndi chiyani? Ndi madzi omwewo a pansi pa nthaka, amene amatsika pang'onopang'ono kukalowa mumtsinje. Ukawapopa pafupi ndi gombe, wawadulira njira, ngakhale phazi lako lisanaponde m'madzi.

Za malamulo nazo timazinena mosiyana. Ena amati mfumu ikakupatsa malo yakupatsa ndi madzi omwe. Lamulo la zamadzi la 2013 silivomereza zimenezo. Madzi a mumtsinje ndi a pansi omwe ndi chuma cha dziko. Otunga akumwa ndi ochapira safunsidwa kanthu, koma wothirira munda wamalonda ayenera kutenga chilolezo ku National Water Resources Authority. Apa m'pamene mkangano umakoma: wofuula kwambiri za lamulo, mukamufunsa pepala lake, amayamba kukamba za nyengo.

Ife tikuti wa tomato ndi wa mpunga onse ana awo amadya, msodzinso chimodzimodzi. Mafumu, makomiti a sikimu ndi a boma akhalitse anthuwa pansi mwezi wa Okutobala usanafike, agwirizane kuti pampu iziyaka maola angati ndipo chitsime chitalikirane bwanji ndi mtsinje. Kukangana tizikangana ndithu, koma madzi akadalipo oti n'kugawana.