Ulemu kwa a Mbaula, mfumu ya mwezi wa June

Mafumu ena amalowa ufumu ndi nthungululu, mbuzi kuphedwa, ng'oma kulira usiku wonse. A Mbaula salira zonsezo. Chaka chonse amakhala pakona ya khonde, phulusa lili mbuu, mwendo umodzi wopindika, nkhuku n'kumawakwera pamutu. Koma June akangolowa, chiperoni n'kutsika kuchokera ku phiri lija la Chiperone ku Mozambique, kudutsa Mulanje ndi Thyolo mpaka kutipeza kuno ku Bangwe, nyumba yonse imagwada. Ana anga atatu, amene ndikawaitana amamva kachitatu, kwa a Mbaula amafika okha, manja atatambasula ngati ali m'pemphero.

Tiwayamike poyamba chifukwa chosandutsa alesi kukhala antchito. Mawu amene ndimawaopa kwambiri nyengo ino ndi akuti, "Amayi, tikuthandizeni." Ndikangoyatsa kajumbo pamwamba pa makala, wachisamba walanda kale chivundikiro cha poto kuti akupize, ndipo amakupiza ndi mtima wonse, phulusa lonse ulendo wa m'beseni la ufa. Wapakati amagwada n'kumauzira, chimfine chili m'mphuno, moti sudziwa ngati akukoleza moto kapena akuuzimitsa. Mzime, wa zaka zitatu, ntchito yake n'kututa makala limodzilimodzi, n'kumapukutira manja pajuzi yomwe yatenga masiku atatu kuti iume. Nkhaniyi ikafika potsuka mbale m'madzi ozizira, gulu lonseli limasowa ngati lamezedwa ndi nkhungu.

Koma nzeru zakuya za a Mbaula zili pa nyemba. Chaka chatha ndinadabwa ana atayamba kundipempha nyemba tsiku ndi tsiku. Ana omwewa, amene mu October amayang'ana nyemba ngati mankhwala a malungo! Ndinafika pouza anzanga kutchalitchi kuti ana anga akula, adziwa kuti nyama yadula. Anandiulula ndi wapakati. "Amayi, usipa ayi. Usipa sukhalitsa pamoto." Ndi pomwe ndinazindikira. Usipa umapsa mphindi zochepa, moto n'kuzimitsidwa. Nyemba zouma zimafuna maola atatu, ndipo maola atatuwo ndi a kuotha. Anawa sakonda nyemba, amakonda kuchedwa kwake. Ndikafuna kuziviika usiku kuti zisadye makala ambiri, nkhope zonse zili ndwii, ngati ndanena kuti ndikugulitsa bulangete.

Ndipo a Mbaula ndi nyumba yosanja. Pamwamba ndi panga, pansi pogwera phulusa ndi pa alendi osalipira. Tsiku lina madzi a nsima anakana kuwira. Ndikupiza, ndiwonjezera makala, ndinyoza wogulitsa ndi mtundu wake wonse, madzi ali phee. Nditasuzumira pakakhomo ka mphepo ndinapeza mbatata zisanu zitapanikizana ngati anthu m'minibasi ya ku Limbe, mpweya wopanda podzera. Ndafunsa mwini wake, onse akuyang'ana kudenga. Mbatata yam'phulusa imakhala yamasiye ikakhala yaiwisi. Ikangopsa, abale amapezeka, mpaka milandu ya amene anaika yaikulu ija.

Pamilandu imeneyi woweruza amakhala bambo awo, amene amakhala kufupi ndi moto kuposa wina aliyense. Iwo akuti saotha. Akuti akuyang'anira ana kuti angapse. Kuyang'anirako amachita ali m'jekete, mapazi atatsamiritsa pamwendo wa mbaula, ndipo chigamulo chawo chimatha ndi mbatata yaikuluyo kulowa m'kamwa mwa khoti. Kubwera September miyendo yawo ili mawangamawanga, umboni wa ntchito yolemetsa.

Nawo mayi a nyumba yachitatu pamdadada wathu sindingawaiwale. Amabwera ndi kalata kadzimbiri kudzapala moto. "Anzathu, timakala tiwiri tokha." Tiwiri tawo timadzaza lata, ndipo asananyamuke amakhala kaye pansi kuti andiuze za apongozi awo, mpaka makala apalidwa aja atha, n'kupalanso ena. Mayi, ngati mukuwerenga, thumba la makala silimera pakhonde.

Nthawi yovundula nsima ndi pomwe ulemu wanga kwa mfumuyi umachepa. Phala likayamba kulumpha, ine ndagwira poto ndi nsonga ya chitenje, mthiko kudzanja linalo, ufa pambali, ndipo pakati pa ine ndi moto pali mitu itatu. "Sunthani!" Amasuntha kutalika kwa chala, n'kubwerera ndisanathire ufa wachiwiri. Apa sindiseka. Dontho limodzi la phala lotentha pakhungu la mwana ndi chilonda cha milungu, ndipo amene anagonapo ndi mwana kuchipatala nyengo yozizira amadziwa kuti ana akupsa amachuluka miyezi imeneyi. Usiku ndimawatulutsa panja a Mbaula ngakhale makala akadali psuu, chifukwa m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagonetsa anthu osadzukanso. Ana amandiyang'ana ngati ndathamangitsa agogo awo pamvula.

Nanga chakudya cha mfumuyi? Thumba limafika panjinga litavala chisoti, pamwamba makala akuluakulu onyezimira, olira ngati chitsulo ukawagogoda. Ukafika pakati wapeza timitengo tosapsa tofuka utsi, pansi fumbi lokhalokha ndi mwala umodzi wa bonasi. Mtengo ndiye umakwera limodzi ndi kuzizira. Ndikudziwa, mapiri a Ndirande ndi Soche ametedwa mpala tikuona, ndipo lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020. Akuluakulu ena amabwera pawailesi kutilangiza kuti tiziphikira gasi kapena magetsi. Ndimawamvera mwaulemu wailesiyo isanathime pamodzi ndi magetsiwo, nthawi yake yomweyo madzi a nsima atangoyamba kutentha. Ndipo ndimafuna nditaona m'buti mwa galimoto zawo akamachokera kumudzi Lamlungu madzulo, chifukwa galimoto zina zimakhala zitakhala pansi kumbuyo, ndipo si maungu okha amene amalemera choncho. Komanso andiuze, pa gasipo mbatata amakwirira pati?

Dzulo tinadya mochedwa, nsima ili ndi timadontho ta phulusa tomwe bambo anati ndi mchere wa m'thupi. Nkhoko anakanganirana mpaka poto kuyera yekha. Mzime anagona pamiyendo panga, kukamwa kuli bii, khungu la mbatata lili m'manja. Ndikumunyamula kupita naye kuchipinda anatsegula diso limodzi.

"Amayi, mawa nyembanso eti?"

Nyembazo ndinali nditaziviika kale mobisa, kuseri kwa ndowa.