Momwe Mungatayire Zinsinsi Zanu Zonse ndi Foni Imodzi

Kale, kuti mudzi wonse udziwe za m'nyumba mwanu, pankafunika munthu wamiseche, chitsime ndi masabata angapo. Lero ntchito yonseyi mukhoza kuigwira nokha ndi foni imodzi komanso bandulo ya tsiku limodzi. Tsatirani malangizo awa mosamala.

Yambani ndi nambala yachinsinsi. Ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ikhale chaka chimene munabadwa. Chakachi chinalembedwa kale pa chiphaso chanu cha unzika, choncho wotola chikwama chanu sadzavutika ndi kuganiza. Nambala yomweyo muiike kubanki ndi pa loko wa foni. Mukafika kwa ejenti musatayipe nokha. Mpatseni foniyo, ndipo nambalayo muitchule mokweza kuti nawonso a kumbuyo kwa mzere aimve bwino.

Chiphasocho ndiye chida chachikulu, ndipo chimafuna luso. Bungwe la NRB linalembetsa Amalawi mu 2017, linajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kuyambira pamenepo nambala yanu ya foni, dzina lanu, nkhope yanu ndi ndalama zanu zinamangidwa pamodzi. Musalole mwayi umenewu kupita pachabe. Mnyamata wa pamsika akakupemphani kuti mumulembetsere simu ndi chiphaso chanu, vomerani msanga. Akadzayamba kubera anthu ndi nambalayo, apolisi sadzasochera. Adzafika pakhomo panu penipeni. Mafotokope a chiphasocho muziwasiya paliponse pamene mwapemphedwa, osafunsa kuti akasungidwa kuti, osalembapo ntchito imene mwawaperekera. Fotokope yopanda cholembapo imagwira ntchito kambirimbiri, ngakhale pa ngongole imene simunatenge.

Tsopano mapulogalamu. Lamulo lake ndi limodzi: paliponse palembedwa Allow, dinani. Pulogalamu ya tochi ikapempha kuona manambala a anzanu, kumva mawu anu ndi kudziwa pamene muli, ipatseni zonse. Zolemba zazitali zimene zimabwera musanavomere si zowerenga. Tsitsani chala mpaka pansi.

Njira imeneyi inayesedwa kale ndipo inapambana. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza mbiri ya anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook. Amene anayankha mafunso a pulogalamu imene inasonkhanitsa mbiriyo anali pafupifupi 270,000 okha. Ena onsewo anali anzawo, amene sanadine kalikonse. Phunziro lake n'lofunika kwambiri kwa munthu wofuna kuchita bwino pa ntchitoyi: zinsinsi zanu zokha sizikwanira, muyenera kuperekanso za amayi anu, abusa anu ndi apongozi anu. Palibe chifukwa chowapempha chilolezo. Manambala awo ali m'foni mwanu.

Mapulogalamu a ngongole za pa foni amachita zimenezi mwachangu kuposa ena onse. Ku Kenya ndi ku Nigeria ena mwa iwo ankati munthu akachedwa kubweza, amatumiza mauthenga kwa abale ake ndi abwana ake a kuntchito owauza za ngongoleyo. Mu 2023 kampani ya Google inaletsa mapulogalamu otere a mu Play Store kutenga manambala ndi zithunzi za m'foni. Chiletsochi chisakufooketseni. Pulogalamu yanu muitenge pa linki imene munthu wosamudziwa waponya m'gulu la WhatsApp.

Za kumene muli musabise ngakhale ola limodzi. Asilikali a ku America anasonyeza chitsanzo. Ankathamanga atavala zipangizo zoyeza mtunda, ndipo mu 2018 mapu a pulogalamu ya Strava anaonetsa malo a misasa yawo ku Afghanistan ndi ku Syria. Inu mulibe msasa, koma muli ndi nyumba. Ikani pa status kuti banja lonse lili ku Mangochi mpaka Lamulungu. Dzulo lake mukhale mutaika chithunzi cha TV yatsopano, geti ndi nambala ya galimoto zikuoneka. Mwana mumujambule atavala yunifomu, baji ya sukulu ili poyera, ndipo mulembe dzina lake lonse ndi kalasi yake. Munthu wachilendo akadzafika pa geti la sukulu adzamuitana ndi dzina, mwanayo n'kuyankha.

Tsiku lina mudzalandira uthenga wa manambala 6 wochokera ku WhatsApp. Kenako wina adzaimba mwaulemu: "Pepani achimwene, ndalakwitsa nambala, munganditumizire?" Tumizani nthawi yomweyo. Onetsetsani kuti nambala yachiwiri yotetezera akaunti simunaiikepo, chifukwa imachedwetsa ntchito. Pakangopita mphindi zochepa akauntiyo idzakhala m'manja mwake, ndipo azakhali anu a ku Johannesburg adzalandira uthenga wa dzina lanu ndi chithunzi chanu woti mwagonekedwa kuchipatala, pakufunika ndalama lero lomwe.

Foni ikawonongeka, isiyeni kwa wokonza kwa masiku atatu, loko mutachotsa. Ikakalamba, igulitseni osafufuta kanthu.

Chopinga chachikulu ndi lamulo. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, ndipo limaletsa kulowerera makalata ndi mauthenga ake a pa lamya. Lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024 limapitirira apo: limakupatsani mphamvu yofunsa kampani kuti ikusunga chiyani chokhudza inu, ndiponso yokadandaula ku MACRA. Munthu wodziwa zimenezi amavuta kumuvula. Choncho musawerenge. Wina akayamba kukufotokozerani, mduleni ndi mawu atatu akuti "ine ndilibe chobisa". Muwanene molimba mtima, osakumbukira zotsatira za kuchipatala, malipiro anu a pamwezi, kapena zimene munalembera mnzanu usiku umene banja linagwedezeka. Mawuwa akhalenso yankho lanu mukamva kuti boma lina lagula makina owerengera mauthenga a nzika zake, monga Pegasus wa kampani ya NSO Group, amene anapezeka m'mafoni a atolankhani m'maiko angapo.

Chizindikiro choti zatheka sichichedwa. Munthu amene simunamuonepo adzakuimbirani, n'kutchula dzina lanu, mfunda wanu, mudzi wa kwanu, sukulu ya mwana wanu ndi ndalama zimene munalandira Lachisanu. Adzanena kuti akuimba kuchokera kuofesi ndipo akufuna kutsimikiza kanthu kamodzi kokha kamene katsala. Muuzeni.