Amalume Anafunsa, Koma Funso la Mwendo Umodzi

Makolo ankati safunsa anadya phula. Mwambiwu ndimaulemekeza, koma anausiyira panjira. Sanatiuze za munthu amene amafunsa ndithu, funso lake lili la mwendo umodzi.

Munthuyo ndi amalume anga. A dokotala atawapeza ndi kolesterolo wochuluka, mafuta a m'magazi aja, anawalembera atorvastatin, kam'bulu kamodzi usiku uliwonse. Mwana wawo wa ku Leeds atamva anatumiza kabotolo ka LoSalt, ati mchere wa odwala. Amalume anakaika pakati pa tebulo ngati chikho chopambanira mpira. Ndiwo zikabwera ankakagwedeza kawiri, kenako n'kutiyang'ana mwachisoni ife a mchere wa pamsika.

Kufunsa anafunsa, mboni ndine. Analemba pa gulu la WhatsApp la anzawo opuma pantchito: kodi mcherewu umayanjana ndi mankhwala a kolesterolo? Wina anati inde, wina anati tafunani adyo, wina anatumiza vesi. Woyankha kuti inde uja sananame. Mcherewu anauchotsa sodiyamu wambiri n'kuikamo potaziyamu, ndipo potaziyamu alibe mlandu ndi atorvastatin kapena simvastatin. Amene amayambana ndi awiriwa ndi manyumwa.

Phula linali m'kajumbo.

Tsiku la sikelo ndinawaperekeza kuchipatala, ndipo iwo anayamba kutamanda kabotolo kawo. Namwino anangoti, "Bambo, tulutsani zonse zimene mumamwa." Anakhuthulira kajumbo kawo ka mankhwala patebulo: atorvastatin uja, panado, maswiti awiri a chifuwa, ndi enalapril wa BP amene akhala akumwa kuyambira kale moti anasiya kumuwerenga ngati mankhwala. Ameneyu, pamodzi ndi lisinopril, losartan ndi spironolactone, amachititsa impso kusunga potaziyamu m'malo momutaya mumkodzo. Ukamawonjezeranso wina pa ndiwo, amaunjikana m'magazi, mtima n'kuyamba kuphonya ngati woimba ng'oma woledzera. Choipa chake, nthawi zambiri sachenjeza. Kwa amene impso zawo zinafooka, monga ena odwala shuga, ngoziyo imakula.

"Mwanangu, koma ndinafunsatu," anatero amalume.

"Munafunsira m'bulu umodzi, bambo. Mumamwa iwiri."

Kabotoloko si poizoni ayi. Kafukufuku wa ku China amene anatuluka mu 2021, wa anthu pafupifupi 21,000 m'midzi 600, anapeza kuti mchere wosakaniza ndi potaziyamu unachepetsa sitiroko ndi 14 peresenti, ndipo mu Januwale 2025 bungwe la WHO linaulimbikitsa kwa akuluakulu amene impso zawo zili bwino. Ndipo si wachilendo kwenikweni: chidulo chimene agogo ankacheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho pophika thelere chimadzaza potaziyamu yemweyo, kungoti sichinakwerepo ndege.

Amalume anawatenga magazi, n'kuwauza kuti kabotolo kayambe kapuma. Mchere wamba ndiwo achepetse, usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu usipa wouma ndi wa m'buledi. Za usipazo anadandaula njira yonse.

Lero LoSalt ali m'kabati ya magalasi, pambali pa makapu a ukwati. Mlendo akangomuloza, amalume amatsitsa mandala awo pamphuno n'kufunsa: "Achimwene, impso zanu zili bwanji? Nanga m'thumbamo muli mibulu yanji?" Abusa anabwera Lamulungu lapitali, ndipo nsima inazizira iwo akufufuzabe m'chikwama.